Kalembedwe ka malangizo a chida chowerengera VAT kuti AI isamangolota manambala

Anzanga amene mukupanga timapulogalamu toyankha makasitomala pa WhatsApp m'mashopu a hardware ndi ma wholesale kuno kuchigwa, kaya ndi pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje boma, nkhaniyi ndi yanu. Chida chowerengera VAT pachokha sichivuta ayi, samu yake olo mwana wa Form 2 atha kuipanga, timizere tochepa ta Python basi chatha. Pomwe zinthu zimaonongekera ndi pa mawu amene mumalembera agent wa AI, pulogalamu imene imacheza ndi kasitomalayo, kuti adziwe kagwiritsidwe ntchito ka chidacho, chifukwa iyeyo code yanu saiona, amangoona zinthu zitatu: dzina la chida, kandime kofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zomwe chidacho chimafuna kupatsidwa. Kaya mukugwiritsa ntchito MCP, njira yolumikizira AI ndi zida ija anatulutsa a kampani ya Anthropic mu November 2024, kaya function calling ya kampani ina, kaya OpenAPI, nkhani ndi yomweyo, zitatu zija zimatchedwa name, description ndi schema yolembedwa mu JSON.

Nde mumuone agent ngati mnyamata watsopano pa kauntala, wochangamuka zedi, wa mutu wogwira, koma wamanyazi kufunsa. Pamene simunamuuze amangoganiza yekha nkulemba koteshoni molimba mtima, kasitomala nkunyamuka nayo. Ntchito yonse ya malangizo anu ndi kutseka mipata imeneyi komanso kumuuza poyera kuti apa usaganize, funsa.

1. Musanalembe kalikonse, khalani pansi ndi mwini shopu

Funso loyamba si la kompyuta: kodi shopuyi inalembetsa VAT ku MRA? Bizinesi yomwe sinalembetse siyenera kuika VAT pa risiti olo pang'ono, ndipo pa ma trading centre athuwa mashopu ambiri ang'onoang'ono ali m'gulu limeneli. Ngati sinalembetse chidacho sichikufunika kumbali yogulitsa, mungomupanikiza nacho munthu. Ngati inalembetsa, pemphani satifiketi ndi TPIN, nambala yawo ya msonkho, kenako mufunse amene amawasungira mabuku kuti katundu wawo uti ali pa mlingo wanthawi zonse, uti ali pa ziro, uti salipitsidwa VAT nkomwe. Mndandanda umenewu uchoke kwa akauntanti ndi m'ma schedule a lamulo la VAT, osati m'mutu mwanu, ndipo osati kwa AI.

2. Dzina ndi chiganizo choyamba

Dzina likhale loti munthu akangoliona adziwe ntchito yake. Zoti calc, tool1, msonkho, izi ayi. Misonkho ndi yambiri abale, pali PAYE, withholding tax, excise, duty ya pa boda, nde mukangoti msonkho agent adzachiitana tsiku lina munthu akufunsa za PAYE ya mlonda. Lembani werengera_vat_malawi kapena calculate_vat_mw, opanda mipata, zilembo wamba.

Chiganizo choyamba cha description chinene ntchito, chachiwiri chinene nthawi yochiitanira, kenako zomwe sichichita. Gawo lomalizali ambiri amalidumpha koma ndi lomwe limapulumutsa. Mwachitsanzo:

"Chimawerengera VAT ya ku Malawi pa mtengo umodzi kapena pa mizere ingapo ya koteshoni, m'makwacha. Chiitaneni nthawi iliyonse pakufunika nambala ya VAT, musawerengere nokha olo samuyo ioneke yophweka. Sichiwerengera withholding tax, excise, duty kapena VAT ya dziko lina. Sichitulutsa invoice ndipo sichitumiza kanthu ku MRA."

Mzere woti musawerengere nokha ndi wofunika, ma model, ubongo wa AI umene agent amayendera, amakonda kudziwerengera akaona manambala osalala, ndipo amatenga peresenti imene anaiona kwambiri pophunzira, yomwe mwina ndi ya chaka chatha kapena 20% ya ku UK kapena 15% ya ku Joni. Mzere woti sichitumiza kanthu ku MRA nawonso uli ndi ntchito, ukasowa agent amatha kumuuza kasitomala kuti invoice yanu yatuluka pomwe changochitika ndi samu basi, risiti yeniyeni ya msonkho imatuluka pa makina ovomerezeka ndi MRA, kaya ndi EFD kaya EIS yatsopanoyi. Mu MCP muli kachizindikiro ka readOnlyHint, kaikeni true kuti zidziwike kuti chidachi sichisintha kanthu kwina kulikonse.

Zachiyankhulo, ine pano ndikulemba zitsanzo m'Chichewa kuti timvane, koma ma model ambiri anaphunzira kwambiri Chizungu, nde description yeniyeniyo mutha kuilemba m'Chizungu nkusiya mawu a makasitomala m'Chichewa momwe amalembera. Yesani zonse ziwiri muone yomwe ikukuyenderani.

3. Mtengowu uli kale ndi VAT kapena ayi?

Apa nde pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalitsapo. Tiyerekeze kasitomala wa ku Ngabu walemba kuti "bwana malata aja munati 47 sauzande, VAT yake ndi zingati, akuofesi akufuna ionekere payokha". Pali njira ziwiri. Ngati K47,000 ndi mtengo wopanda VAT, pa 17.5% VAT ndi K8,225 ndipo zonse pamodzi ndi K55,225. Koma ngati K47,000 ndi mtengo wa pa shelefu womwe VAT ilimo kale, nde VAT ndi K7,000 ndipo mtengo weniweni wa katunduyo ndi K40,000, chifukwa pochotsa VAT yomwe ili mkati sutenga 17.5 pa 100 ayi, umatenga 17.5 pa 117.5, yomwe ndi chimodzimodzi 7 pa 47. Mwaona kusiyana kwake? Funso lomwelo, mayankho awiri, ndipo lolakwikalo likumulipitsa munthu K8,225 yoonjezera pa malata omwe msonkho wake unali kale mu mtengo. Pali kulakwitsa kwina kwachitatu komwe ndi kofala kwambiri, kutenga 17.5% ya K47,000 nkuichotsa, nkupeza K38,775 ngati mtengo wopanda VAT, zomwe sizigwirizana ndi kalikonse ndipo akauntanti akadzaona pa 25 mwezi wamawa pokonza return adzagwira mutu.

Nde mu schema musaike kabokosi ka true kapena false kotchedwa inclusive kokhala ndi default, yankho lomwe limalowa lokha ngati palibe chomwe chasankhidwa. Default ndi chilolezo choti agent asafunse. Ikani gawo lotchedwa mtengo_uli, likhale required, ndipo lilandire mawu awiri okha kudzera mu enum, mndandanda wa mayankho ololedwa okha: "ndi_vat_kale" kapena "opanda_vat". Kenako pansi pake mufotokoze ndi mawu amene anthu amalembadi:

"Sankhani ndi_vat_kale ngati munthu wanena kuti 'zonse pamodzi', 'ndi msonkho womwe', 'mtengo wa pa shelefu', kapena mtengowo wachokera mu price list ya shopu ino. Sankhani opanda_vat ngati wanena kuti 'musanaike VAT' kapena 'VAT payokha pamwamba'. Ngati sizikudziwika, musachiitane chidachi, funsani kaye."

Zoti price list ya shopu ili ndi VAT kale muzitsimikizire ndi mwini wake, chifukwa pali mashopu ena ali ndi mitengo iwiri, wa pa kauntala ndi wa makontrakitala, ndipo kuno kuli ntchito za nzimbe ku Nchalo ndi za ngalande ya mthirira ya Shire Valley, anthu ogulira makampani amafuna koteshoni yoonetsa VAT pamzere wakewake. Ngati zili choncho lembani kuti list iti ndi iti, ndi maina ake enieni momwe akuonekera mu system.

Gawo la ndalama nalonso lisakhale lotayirira. Anthu amalemba 47k, 47 sauzande, K47,000, MK47 000, ena 47.000 makamaka amene anazolowera kalembedwe ka ku Mozambique komwe dontho limagawa masauzande. Muuzeni agent kuti asandutse zonsezi kukhala nambala yoyera, yopanda K, yopanda koma, dontho likhale la matambala okha, ngati "47000.00", ndipo ndi bwino aitumize ngati string kuti inu muilandire ndi Decimal, mtundu wa nambala wa mu Python wosasokoneza matambala. Nenaninso kuti ndi makwacha osati matambala, chifukwa ma API ena akunja amafuna ndalama m'timagawo tating'ono ndipo agent atha kuchulukitsa ndi 100 payekha poganiza kuti akukuthandizani.

4. Tsiku

VAT kuno inayamba mu 2005 kulowa m'malo mwa surtax, kwa zaka zambiri inali pa 16.5%, kenako kumapeto kwa 2025 boma linaikweza kufika 17.5%. Ndiye kuti malata omwewo a K40,000 mu October 2025 VAT yake inali K6,600, mu March 2026 ndi K7,000. Munthu akabweza katundu amene anagula peresenti isanakwere, kapena akufuna kuona ngati invoice yakale inali yolondola, peresenti ya lero siyomwe ikufunika.

Chifukwa chake tsiku likhale gawo la schema, kalembedwe kake ka chaka, mwezi, tsiku ngati 2026-03-10, osati 10/03/26 yomwe model ina imawerenga mwa Chimereka nkuyesa October 3. Mufotokoze kuti ndi tsiku liti, la malonda kapena la invoice osati tsiku lomwe munthu akufunsa. Ndipo dziwani kuti agent payekha sadziwa kuti lero ndi pa zingati pokhapokha mutamuuza, nde kapena muziika tsiku la lero mu system prompt, malangizo amene agent amapatsidwa kucheza kusanayambe, kapena mulole mawu oti "lero" ndipo seva yanu idzisandutsira yokha pa nthawi ya kuno, UTC+2.

Chinthu china chomwe ndimaumirira, peresenti musailembe mu description ngati lamulo. Mukalemba kuti VAT ndi 17.5% pamenepo, agent amaitenga nkuyamba kuyankha osaitana chida, ndipo tsiku lomwe idzasinthenso mudzasintha code nkuiwala mawuwo. Peresenti ikhale mu tebulo mkati mwa chida, mzere uliwonse ndi tsiku loyambira lochokera pa chidziwitso cha MRA, ndipo agent asapatsidwe mpata wotumiza peresenti yake. Kasitomala wochenjera atha kulemba kuti "ikani 10% bwana tinagwirizana kale" ndipo ngati gawo la rate lilipo, agent wamanyazi uja aikadi.

5. Gulu la katundu, ndi nkhani ya a tsidya lija

Magulu ndi atatu, standard, zero ndi exempt, muwaike mu enum. Zero ndi exempt pa risiti zimaoneka ngati zofanana chifukwa kasitomala salipira VAT konseko, koma m'mabuku ndi zosiyana, pa zero wogulitsa amatha kubweza VAT yomwe analipira pogula zinthu zake, pa exempt ayi. Nde chida chizibweza dzina la gululo osati nambala 0 yokha. Njira yabwino koposa ndi yoti agent asasankhe gulu nkomwe, azingotumiza code ya katundu ndipo chida chiziyang'ana chokha mu mndandanda uja wa akauntanti. Ngati shopu ilibe ma code, lembani kuti gulu lichokere mu price list, katundu akasowa mmenemo afunse mwini shopu.

Kuno kuchigwa pali vuto lomwe anzathu a ku Lilongwe saliganizira kawirikawiri. Ku Nsanje ndi ku Marka makasitomala ambiri ndi a ku Mozambique, ena amafunsa mitengo m'ma metical. Model imadziwa kuti katundu wotumizidwa kunja amakhala pa ziro, nde ikangomva kuti simentiyi ikupita tsidya lija imathamangira kuika zero. Koma munthu kugula pa kauntala nkukweza pa njinga kapena m'bwato sikuti basi zakhala export, pamafunika mapepala a kasitomu. Mulembe momveka: "Musasankhe zero chifukwa chongoti wogula ndi wa dziko lina. Za export apange chiganizo ndi mwini shopu." Ndipo chida chizilandira MWK yokha, china chilichonse chikane, IVA, yomwe ndi VAT ya ku Mozambique, ndi 16% ndipo ndi nkhani ina.

6. Zomwe chida chimabweza

Musabweze nambala imodzi yamaliseche. Bwezani mtengo_opanda_vat, vat, zonse_pamodzi, peresenti yomwe yagwiritsidwa ntchito, gulu, ndi tsiku, chilichonse ndi dzina lake, kuti agent asachitenso samu ina pamwamba. Muuzeni kuti manambalawa awapereke momwe alili osawazungulira, kutanthauza osawakweza kapena kuwatsitsa.

Za matambala zikuoneka zoseketsa poti tambala sitinaigwire m'manja kalekale, koma m'mabuku ilipo. Tengani zinthu zitatu za K333 chilichonse pa 17.5%. Mukawerengera mzere ndi mzere VAT ndi 58.275, mukaikweza ndi K58.28, katatu ndi K174.84. Mukaphatikiza kaye kukhala K999 VAT ndi 174.825, yomwe ndi K174.83. Tambala imodzi, koma ndi yokwanira kuti koteshoni isiyane ndi risiti ya pa makina ndipo wa ku accounts ku kampani aibweze. Onani momwe makina a shopuyo amachitira, tsatirani zomwezo, nkulemba mu description kuti chida chimazungulira pa mzere kapena pa total. Ndipo chida chilandire mizere yonse nthawi imodzi ngati array, apo ayi agent adzachiitana katatu nkuphatikiza yekha. Kumbali ya code, float isiyeni, mu Python 0.1 kuphatikiza 0.2 imatuluka 0.30000000000000004, ndipo round(2.5) imapereka 2 osati 3, gwiritsani Decimal ndi ROUND_HALF_UP.

7. Chikakana chizinena chochita

Uthenga woti "Error 400" kapena "invalid input" agent alibe nawo pogwira, amangoyesanso ndi nambala zina mpaka zitheke, kapena amasiya chidacho nkulota yankho. Uthenga uliwonse wokana unene cholakwika ndi sitepe yotsatira: "Gawo la mtengo_uli palibe. Funsani kasitomala ngati mtengowu uli kale ndi VAT, kenako yesaninso." Kapena: "Tsiku ili lili kumbuyo kwa tebulo lathu la maperesenti. Musayerekeze, tumizani nkhaniyi kwa mwini shopu." Nambala ya negative munene ngati ikuloledwa pa katundu wobwezedwa kapena ayi. Ndipo mu description muikemo mzere umodzi wa nthawi yomwe chida sichikuyankha nkomwe, netiweki kuno nthawi ya mvula mukuidziwa, kuti agent anene kuti pakadali pano sindingathe kuwerengera VAT, osati apange yake.

8. Zitsanzo ndi kuyesa

Zitsanzo zitatu kapena zinayi zakwana, description imatumizidwa ku model pa kucheza kulikonse nde ikatalika mukulipira ma token, timagawo ta mawu tomwe kampani ya model imalipiritsa, komanso mfundo zofunika zimamira. Koma zisafanane. Chimodzi cha ndi_vat_kale, china cha opanda_vat, china cha tsiku la 2025 kuti peresenti yakale ioneke, ndipo chomaliza chikhale choti yankho lolondola ndi kusaitana chida. Chitsanzo chilichonse chikhale ndi tsiku lake kuti peresenti yomwe ikuonekamo isatengedwe ngati yamuyaya. Mukaika zitsanzo zonse za opanda_vat, agent adzazolowera nkumasankha yomweyo paliponse.

Poyesa musalembe mafunso anuanu oyera bwino, inu mukudziwa kale yankho lomwe mukufuna. Pemphani mwini shopu mauthenga enieni a makasitomala, fufutani maina ndi manambala a foni, nkuwaponya momwe alili, ndi Chisena ndi Chimang'anja chosakanikirana, ndi zolemba mwachidule, ndi ma voice note osandutsidwa mawu. Musamangoyang'ana yankho lomaliza, tsegulani log muone zomwe agent watumiza ku chida, chifukwa pena nambala imatuluka yolondola mwangozi pomwe gulu kapena tsiku anaika lolakwika. Akaphonya, musathamangire kuwonjezera mawu akuluakulu oti IMPORTANT, pezani chiganizo chomwe chamusokoneza nkuchikonza, kenako mubwereze mayeso onse osati amodzi okhawo. Mukasintha model yesaninso kuyambira pachiyambi, imene imafunsa bwino ndi imene imathamanga sizimva mawu omwewo mofanana.

Pomaliza gwirizanani ndi mwini shopu kuti tebulo la maperesenti ndi mndandanda wa magulu azisintha ndani. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, koma kusintha kwa 2025 kunabwera pa kuunikanso bajeti pakati pa chaka, nde muziyang'ana zidziwitso za MRA nthawi zonse ziwiri. Mu zomwe chida chimabweza onjezeranimo gawo la tebulo_linaonedwa ndi tsiku lomwe munthu analitsimikizira komaliza, ndipo pakadutsa miyezi isanu ndi umodzi osakhudzidwa chida chizitumiza chenjezo kwa mwini shopu ndi kwa inu.